Crich, mudzi umene mathiramu akale akuyendabe

Crich ndi mudzi wa m'boma la Derbyshire, m'chigawo chapakati cha dziko la England. Kumtunda kwa mudziwu, m'munsi mwa thanthwe limene kale ankaphwanyapo miyala ya laimu, kuli malo osungira zinthu zakale otchedwa National Tramway Museum, amene alendo ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Crich Tramway Village. Pamalopa akusunga mathiramu opitirira 60 ochokera m'mizinda ya ku Britain ndi maiko ena, ndipo yakale kwambiri mwa onsewo inapangidwa mu 1873.

M'nyumba zambiri zosungira mbiri, makina akale amaimikidwa pamalo amodzi kuti anthu azingowayang'ana, monga mutu wa sitima ya malasha umene uli panja pa nyumba yosungira mbiri ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Ku Crich anasankha njira ina. Mathiramu ambiri akadali amoyo: amatuluka m'shedi m'mawa, amanyamula anthu pa njanji yotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, madzulo n'kubwerera. Eni malowa amakhulupirira kuti chinthu chimene chinapangidwa kuti chiziyenda chimamveka bwino chikamayenda, pakuti ng'oma yopachikidwa kukhoma siuza munthu kaliridwe kake.

Kuchokera pa mahatchi kufika pa magetsi

Thiramu ndi galimoto yonyamula anthu imene imayenda pa njanji zoyalidwa mumsewu wa m'tauni. Njanji zake sizitumphuka pamwamba ngati za sitima yapamtunda. Zimakwiriridwa kuti zilingane ndi msewu, ndipo zimakhala ndi kangalande kamene mlomo wa gudumu umayendamo, kotero kuti ngolo, njinga ndi anthu apansi amadutsapo osapunthwa.

Nzeru yoyala njanji mumsewu inabwera chifukwa cha kuipa kwa misewu ya nthawi imeneyo. Gudumu lachitsulo likamagubuduzika pa chitsulo chinzake silikakamira, choncho hatchi imakoka katundu wochuluka kuposa amene ingakoke pa matope kapena pa miyala yosalinganizika. Mzinda wa New York unayamba kuyendetsa mathiramu okokedwa ndi mahatchi mu 1832, ndipo mu 1860 munthu wina wa ku America, George Francis Train, anatsegula njanji yotereyi ku Birkenhead, kufupi ndi Liverpool.

Koma mahatchi anali okwera mtengo. Thiramu imodzi inkafuna mahatchi angapo osinthana pa tsiku, ndipo onsewo ankafuna chakudya, makola, owasamalira ndi mankhwala. Ndowe zinkadzaza misewu, ndipo matenda akagwa m'khola, maulendo ankaima. Makampani ena anayesa timitu ta sitima toyendera malasha ndi nthunzi, koma utsi ndi phokoso zinkakwiyitsa anthu okhala m'mbali mwa msewu komanso kudzidzimutsa mahatchi a ngolo zina.

Yankho lenileni linali magetsi. Mu 1881 kampani ya Siemens inayendetsa thiramu yamagetsi ku Lichterfelde, kufupi ndi Berlin. Mu 1885 tauni ya Blackpool, m'mphepete mwa nyanja ku England, inatsegula njanji yake, imene magetsi ake ankadutsa m'ngalande ya pansi pa msewu. Mchenga ndi madzi a m'nyanja zinkalowa m'ngalandemo n'kumasokoneza maulendo, mpaka anaisiya n'kuyamba kupachika waya m'mwamba. Njira ya waya wa m'mwambayi inatchuka kwambiri Frank Sprague atasonyeza mu 1888, ku Richmond m'dera la Virginia, kuti mathiramu ambiri angathe kuyenda nthawi imodzi ngakhale pa zitunda.

Kuyambira pamenepo mizinda inasintha maonekedwe. Mtengo wokwerera unali wotsika, ndipo m'mizinda yambiri anthu apantchito ankalipira mocheperako akakwera m'mamawa. Munthu wogwira ntchito kufakitale sanafunikenso kukhala m'timanyumba tothithikana pafupi ndi utsi wa fakitaleyo. Ankatha kukhala kunja kwa tauni n'kumafikabe kuntchito pa nthawi yake. M'zaka za m'ma 1920, m'misewu ya ku Britain munkayenda mathiramu pafupifupi 14,000.

Chimene chinawathetsa

Kutha kwa mathiramu ku Britain kunali ndi zifukwa zingapo, ndipo china chinali lamulo lakalekale. Lamulo la mu 1870 linkakakamiza mwini njanji kuti azikonza msewu wa pakati pa njanjizo ndi kachigawo ka m'mbali mwake. Lamuloli linali lomveka pa nthawi ya mahatchi, pamene ziboda ndizo zinkakumba msewu. Magetsi atabwera, eni mathiramu anapezeka akukonza msewu umene unkaonongedwa ndi mabasi ndi malole a anthu ena.

Njanji ndi mawaya zinkakalamba, ndipo nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinachititsa kuti zikhale zaka zambiri osakonzedwa mokwanira. Makhonsolo ataona ndalama zofunika kuti ayale njanji zatsopano, anaona kuti kugula mabasi n'kotchipa, makamaka poti mafuta sanali odula. Basi inkathanso kulowa m'madera atsopano popanda kudikira njanji. Eni galimoto, amene ankachulukirachulukira, ankadandaula kuti mathiramu amatseka njira, chifukwa ankaima pakati pa msewu ndipo okwera ankadutsa kutsogolo kwa galimoto kuti akafike pakhomo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, bungwe limene boma linakhazikitsa kuti liunike za mtengatenga linalangiza kuti mathiramu azichotsedwa pang'onopang'ono.

London inatsanzikana ndi mathiramu ake mu Julayi 1952, ndipo ambiri anakawotchedwa ku Charlton kuti atolepo zitsulo. Leeds inatseka mu 1959, Sheffield mu 1960, ndipo Glasgow, mzinda waukulu womaliza, inatseka mu Seputembala 1962 khwimbi la anthu litaima m'misewu kuonerera mdipiti wotsiriza. Njanji ya ku Blackpool yokha ndiyo inapulumuka.

Mapaundi 10 ndi kwale yosiyidwa

Mbiri ya malo a ku Crich inayamba mu 1948, gulu la anthu okonda mathiramu litapita ku Southampton kukakwera ulendo wotsanzikana ndi mathiramu akale a mzindawo. Anthuwa anagwirizana zogula imodzi, nambala 45, pa mtengo wa mapaundi 10. Kugula kunali kosavuta. Chovuta chinali posungira. Kwa zaka zoposa khumi thiramuyo inkangosamutsidwa, lero pano mawa apo, pamene enanso ankapulumutsa mathiramu ena m'mizinda yosiyanasiyana popanda malo enieni owaikapo. Mu 1955 anakhazikitsa bungwe la Tramway Museum Society kuti lipeze malo okhazikika.

Malowo anapezeka kudzera mwa anthu ena okonda njanji. Kwale ya ku Crich inali ndi kanjanji kakang'ono kamene George Stephenson, katswiri wotchuka wa sitima zapamtunda, anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 kuti kazitsitsira miyala ku mauvuni owotchera laimu a ku Ambergate. Kanjanjiko katasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1950, mamembala a bungwe losunga njanji ya Talyllyn ku Wales anabwera kudzazula zitsulo kuti akagwiritse ntchito kwawo. Iwowa ndi amene anatsina khutu anzawo a mathiramu kuti ku Crich kuli malo. Mu 1959 bungweli linalowa pamalopo.

Poyamba panalibe chilichonse chokopa maso: matope, miyala, ndi nyumba zochepa za pakwale. Mamembala ankabwera Loweruka ndi Lamlungu atanyamula mapiki ndi mafosholo. Ena anali aphunzitsi, ena makalaliki, ena amisiri ochokera m'makampani a mathiramu amene ankatsekedwa. Anagula njanji, mapolo ndi mawaya kuchokera m'mizinda imene inkazula zake, namanga mashedi kuti mathiramu asavunde ndi mvula. Mu 1963 ananyamula alendo oyamba pa thiramu yokokedwa ndi hatchi, Sheffield nambala 15 ya mu 1874, ndipo mu 1964 mathiramu amagetsi anayamba kuyenda. Njanji inatalikitsidwa pang'onopang'ono mpaka inafika pa malo otchedwa Glory Mine mu 1978.

Msewu womangidwa ndi zidutswa za mizinda

Thiramu ndi chinthu cha m'tauni, ndipo oyambitsa malowa anaona kuti kuiyendetsa m'tchire mokha kukanabisa theka la nkhani yake. Choncho anamanga msewu wonga wa m'tauni yakale pogwiritsa ntchito nyumba ndi zipangizo zenizeni zimene zinkagwetsedwa m'madera ena. Khoma lakutsogolo la Derby Assembly Rooms, holo ya m'zaka za m'ma 1700 imene inapsa ndi moto mu 1963, linaphwasulidwa mwala umodziumodzi n'kudzamangidwanso ku Crich. Malo omwera mowa a Red Lion anachokera ku Stoke-on-Trent. Mlatho wachitsulo wa Bowes-Lyon, umene mathiramu amadutsa pansi pake, unachokera pa esiteti ina ku Hertfordshire. Nyale za mumsewu, mabokosi oponyamo makalata, tinyumba todikiriramo thiramu, ngakhale miyala yoyala pansi, zonse zinagwirapo ntchito kwina.

Mlendo akalipira pachipata amapatsidwa khobidi lakale, la mtundu umene unasiya kugwira ntchito dziko la Britain litasintha kawerengedwe ka ndalama zake mu 1971, chaka chomwenso Malawi anasiya mapaundi ndi mashereni n'kuyamba kwacha ndi tambala. Khobidilo amakalipereka kwa kondakitala pa thiramu yoyamba imene wakwera. Kondakitala amaliponya m'chikwama chake chachikopa, n'kupereka tikiti imene munthu amakwerera tsiku lonse.

Ulendo umayambira pa Town End, kumunsi kwa msewu. Thiramu imadutsa kutsogolo kwa mashedi ndi masitolo, imapanikizika pansi pa mlatho, kenako imasiya nyumba n'kulowa m'mitengo. Pa Wakebridge pali chionetsero cha mmene anthu a m'derali ankakumbira mtovu, komanso poyambira kanjira ka m'nkhalango kamene m'mbali mwake muli ziboliboli zosema. Kuchoka apo njanji imakwera m'mbali mwa phiri mpaka pa Glory Mine, pamene munthu amaona chigwa cha mtsinje wa Derwent chili tambalale kumunsi. Pamwamba pa thanthwe pali nsanja ya Crich Stand, chikumbutso cha asilikali a gulu la Sherwood Foresters amene anafa kunkhondo.

Mbali yaikulu ya njanji ya kumtundayi ndi imodzi yokha, ndipo mathiramu amaphana pa malo osankhidwa pamene njanji imagawika pawiri. Pofuna kupewa ngozi, chigawo chilichonse chili ndi ndodo yakeyake, ndipo dalaivala saloledwa kulowa m'chigawocho asanaigwire m'manja. Popeza ndodoyo ndi imodzi, mathiramu awiri sangakumane maso ndi maso.

Ntchito ya dalaivala ndi kondakitala

Magetsi amene amayendetsa mathiramuwa ndi a mavoliti pafupifupi 600. Amachoka pa waya wa m'mwamba, amatsika kudzera mu mlongoti wachitsulo umene uli padenga, amalowa m'mamota amene ali pansi pafupi ndi magudumu, ndipo amabwerera kudzera m'njanji. N'chifukwa chake waya wa m'mwamba amakhala mmodzi yekha. Mlongotiwo umakankhidwira m'mwamba ndi masipuling'i, ndipo kunsonga kwake kuli kagudumu kapena kachitsulo kamene kamatsetsereka pa waya.

Dalaivala wa thiramu alibe chiwongolero, chifukwa njanji ndiyo imasankha kolowera. Pa mathiramu akale amaimirira. Dzanja lamanzere limagwira chogwirira cha bokosi lalitali limene limatsegula magetsi m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse imamveka kuti kha. Mota yoima ikalandira magetsi onse nthawi imodzi ingapse kapena kugwedeza anthu mwamphamvu, choncho masitepe oyamba amadutsitsa magetsi m'zitsulo zochepetsa mphamvu, zimene zimatentha zikagwira ntchito nthawi yaitali. Dalaivala waluso amadziwa kusachedwa pa masitepe amenewo komanso kusawathamangira. Poyamba mamota awiri amagawana magetsi. Liwiro likakwera, iliyonse imalandira mphamvu yonse.

Dzanja lamanja limagwira chogwirira cha mabuleki, kawirikawiri chamkuwa chopukutidwa mpaka kunyezimira. Akachizunguza, tcheni chimakulungika n'kukoka zitsulo zimene zimafinya magudumu, ndipo phazi limakankha kachitsulo kamene kamagwira mano a gudumu la pansi kuti mabuleki asamasuke. Mapazi ali ndi ntchito zinanso ziwiri: kuponda belu lochenjeza anthu mumsewu, ndi kuponda chotsegulira mchenga. Njanji ikanyowa kapena ikagwerapo masamba, magudumu amaterera, ndipo mchenga wothiridwa kutsogolo kwa gudumu ndiwo umathandiza kuti ligwire. Pansi pa khonde lakutsogolo pali kachitseko ka matabwa. Chinthu chikakagunda, thireyi yamatabwa imagwa pansi kuti iwole munthu wogwa asanafike ku magudumu. Mathiramu ambiri akale analibe galasi kutsogolo, ndipo madalaivala ankaima pamphepo, pamvula ndi pachipale kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Kondakitala amalankhulana ndi dalaivala kudzera mu belu: kulira kamodzi ndiye kuti ima, kawiri ndiye kuti tiyeni. Pamapeto a njanji thiramu sitembenuka, chifukwa ili ndi poyendetsera mbali zonse ziwiri. Dalaivala amazula zogwirira zake n'kupita nazo mbali inayo. Kondakitala amatsika, amakoka mlongoti ndi chingwe kapena ndi nsungwi yaitali yokhala ndi ngowe, amauzunguza akuyenda mozungulira thiramuyo, n'kuukolekanso pa waya, ntchito imene imafuna diso ndi dzanja lokhazikika, makamaka dzuwa likamathobwa m'maso. M'kati, zotsamira za mipando zimakankhidwira mbali ina kuti okwera ayang'anenso kutsogolo. Ana ambiri amene amafika ku Crich amakumbukira kugubuduka kwa mipandoku kuposa china chilichonse.

Mathiramu ndi nkhani zawo

Southampton 45, imene inayambitsa zonse, ndi ya nyumba ziwiri zosanjikizana koma yopanda denga pamwamba. Ndi yaifupi kuposa anzake chifukwa inkayenera kudutsa pansi pa chipata chakale chamiyala cha mzindawo chotchedwa Bargate. Blackpool nambala 4 ndi imodzi mwa mathiramu a mu 1885 amene anatsegula njanji ya tauniyo. Palinso kamutu koyendera nthunzi kotchedwa John Bull, kamene kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga mu 1885. Kanatumizidwa ku Sydney m'dziko la Australia kukayesedwa, kanabwezedwa, ndipo kanakhala zaka zambiri kakukoka katundu m'bwalo la fakitale imene inakapanga. Sheffield 510 ndi imodzi mwa mathiramu amene anayenda pa mwambo wotsekera njanji za mzindawo mu 1960, ndipo m'mbali mwake muli zithunzi zojambula pamanja zofotokoza mbiri ya mathiramu a ku Sheffield.

Ena anapulumuka mwamwayi. Makhonsolo ankagulitsa matupi a mathiramu kwa aliyense wofuna, ndipo anthu ankawasandutsa makola a nkhuku, mosungira makasu kapena tinyumba topumuliramo. Chesterfield nambala 7, ya mu 1904, inakhala nyumba yogonamo anthu kwa zaka zambiri isanabwezeredwe pa njanji.

Ochokera kunja akusonyeza mmene makinawa anafalikira. New York 674 inapangidwa mu 1939, ndipo nkhondo yachiwiri itatha inatumizidwa ku Vienna kukathandiza mzinda umene mathiramu ake ambiri anaonongeka. Prague 180 inafika mu 1968, chaka chimene asilikali a Soviet Union ndi anzawo analowa m'dziko la Czechoslovakia. Palinso ena ochokera ku Porto ndi ku The Hague, ndipo ina ya ku Berlin anaiika chikepe chonyamulira njinga za anthu olumala kuti aliyense athe kukwera.

Kwa owerenga a kuno kummwera kwa Africa, yochititsa chidwi kwambiri ndi Johannesburg nambala 60. Inapangidwa ku Preston m'dziko la England mu 1905, n'kutumizidwa pa sitima yapamadzi kukagwira ntchito mu mzinda wa golide, umene mathiramu ake amagetsi anayamba mu 1906 ndi kutha mu 1961. Itapuma ntchito inabwerera kudziko limene inabadwira. Imatha kuyenda ku Crich chifukwa njanji za mathiramu a ku Johannesburg zinali zotalikirana mamilimita 1,435 monga za ku Crich, osati 1,067 monga njanji za sitima za ku South Africa, Zambia, Mozambique ndi Malawi. Amuna ambiri a ku Nyasaland amene ankapita ku Joni m'zaka zimenezo anawapeza mathiramu otere ali mumsewu. Anapezanso kuti kukwera kunkatsata khungu, pakuti mzindawo unkasiyanitsa azungu ndi anthu akuda ngakhale pa thiramu. Imeneyinso ndi mbali ya mbiri imene thiramuyi yanyamula.

M'nyumba yokonzera

Mtima wa malowa ndi nyumba yokonzeramo mathiramu, ndipo alendo amatha kuona amisiri ali pantchito ataima pakhonde la m'mwamba. Thiramu yakale ndi nyumba yamatabwa yokhala pa chimango chachitsulo. Mdani wake wamkulu ndi madzi, amene amalowa padenga ndi m'mafelemu a mawindo n'kuvunditsa mizati mobisika. Thiramu ikalowa kuti ikonzedwe kotheratu, thupi limanyamulidwa kuchoka pa magudumu, ndipo thabwa lililonse limaunikidwa. Limene likadali lolimba limabwerera pamalo pake. Lovunda limasemedwa latsopano motsatira lakalelo. Magudumu odyeka amapalidwa pa makina kuti abwerere m'maonekedwe ake oyenera, mamota amakulungidwanso mawaya, ndipo nthambo zakale zamagetsi zimachotsedwa chifukwa zingayambitse moto.

Zipangizo zosinthira sizipezeka m'sitolo ina iliyonse, popeza mafakitale amene ankazipanga anatsekedwa kalekale. Chitsulo chikasowa, amisiri amasema chikombole chamtengo n'kukachipereka kwa osungunula zitsulo. Apa m'pamene laibulale ya pamalopa imagwira ntchito yaikulu: muli mapulani a mainjiniya, zithunzi, mabuku a malamulo a makampani, matikiti ndi mafilimu. Chithunzi chimodzi chakale chingathetse mkangano wa kumene nyale inakhala kapena mmene zilembo zinalembedwera.

Kupenta kumachitika ndi bulashi, utoto pamwamba pa utoto, uliwonse ukupalidwa usanalandire unzake, mpaka thupi lisalale. Kenako mmisiri amajambula mizere yopyapyala m'mphepete, nthawi zina ndi timapepala ta golide, amaika chizindikiro cha mzinda, n'kumaliza ndi vanishi. Makhonsolo akale ankanyadira mathiramu awo monga chizindikiro cha ulemu wa mzinda, ndipo kukongoletsa kumeneku kunali mbali ya kunyadako. Ntchito yonse pa thiramu imodzi imatha kutenga zaka zingapo ndi ndalama zankhaninkhani.

Pali mafunso awiri amene osunga malowa amalimbana nawo nthawi zonse. Loyamba ndi lakuti thiramu ibwezeredwe ku maonekedwe a chaka chiti, poti ambiri anasinthidwa kangapo: ina inayamba yopanda denga, kenako inafoleredwa, pambuyo pake inaikidwa magalasi. Kusankha nyengo imodzi ndi kufufuta zina. Lachiwiri ndi lolemera koposa. Thiramu ikamayenda imatha, ndipo chitsulo chilichonse chatsopano chimachepetsa gawo lake lakale lenileni. Ikangoima imasungika, koma kulira kwa mamota, kugwedera kwa pamphambano ndi luso loiyendetsa zimatayika. Njira imene amatsata ndi yogawa: mathiramu osowa kwambiri ndi osalimba amakhala m'holo yaikulu ya chionetsero, pamene olimba amayenda mosinthana kuti pasakhale yotopa mopitirira, ndipo iliyonse imayesedwa isanatuluke kukanyamula anthu.

Anthu amene amagwira malowa

National Tramway Museum si ya boma. Mwini wake ndi bungwe lija la Tramway Museum Society, limene silichita phindu, ndipo ndalama zimachokera pachipata, m'masitolo, kwa mamembala, kwa anthu akufuna kwabwino ndi ku mabungwe othandiza ntchito zosunga mbiri. Pali antchito olembedwa, koma madalaivala ndi makondakitala ambiri ndi anthu ongodzipereka. Munthu amayamba ukondakitala, ndipo akafuna kuyendetsa amaphunzitsidwa, kuyesedwa ndi kupimidwa thanzi, chifukwa malamulo a chitetezo cha apaulendo sapatula njanji ya zinthu zakale. Mtundu uliwonse wa thiramu uli ndi khalidwe lake, ndipo wodziwa wina ayenera kuphunziranso winawo.

Anthu amene anayendetsapo mathiramu m'misewu ya Glasgow kapena Leeds atsala ochepa kwambiri. Zimene ankadziwa, monga kumva ndi khutu kuti gudumu layamba kuterera, kapena kuimitsa thiramu yodzaza pamtsetse ndi mabuleki a pamanja, sizinalembedwe zonse m'mabuku. Zafika lero chifukwa wina anaima pambali pa mnzake n'kumuonetsa. Chimodzimodzi luso la akalipentala, openta ndi amisiri a magetsi. Ichi n'chifukwa chake kupeza achinyamata ofuna kuphunzira ndi nkhani yaikulu kwa bungweli mofanana ndi kupeza ndalama.

Malowa amatsegulidwa kuyambira cha mu Malichi mpaka nyengo yozizira ikamayandikira, ndipo miyezi yachisanu ndiyo nthawi yokonza njanji ndi mawaya. Masiku ena pamakhala zochitika zapadera, monga kukumbukira moyo wa m'zaka za m'ma 1940, pamene alendo amabwera atavala zovala za nthawiyo. Wobwera pa sitima amatsikira pa siteshoni ya Whatstandwell, pa njanji yochokera ku Derby kupita ku Matlock, koma kuchoka apo pali chitunda chachikulu chokwera wapansi.

Malo ena ndi mathiramu atsopano

Crich si malo okhawo otere. Ku Kennebunkport m'dera la Maine ku America kuli Seashore Trolley Museum, imene inayamba mu 1939 anyamata ochepa atagula thiramu imodzi ya kampani ya Biddeford and Saco. Ku Beamish, kumpoto kwa England, mathiramu akale amanyamula alendo kuzungulira mudzi wonse wosungira mbiri. Ku South Africa, James Hall Museum of Transport ya ku Johannesburg ikusunga ena mwa mathiramu a mzindawo, ndipo ku Kimberley anabwezeretsa thiramu yakale pafupi ndi dzenje lalikulu la dayamondi.

Panthawi imene mamembala oyamba ankakumba matope ku Crich, anthu ambiri ankaona thiramu ngati chinthu chotha ntchito. Kuchulukana kwa galimoto m'misewu, utsi ndi kukwera mtengo kwa mafuta zinasintha maganizo amenewo. Manchester inatsegula njanji yatsopano mu 1992, Sheffield mu 1994, Croydon mu 2000, Nottingham mu 2004 ndipo Edinburgh mu 2014. Mu Africa, Algiers ndi Rabat anayamba mu 2011, Casablanca mu 2012, Addis Ababa inatsegula njanji yake ya m'tauni mu 2015, pamene Alexandria ku Egypt inayamba kalekale m'zaka za m'ma 1860. Mathiramu atsopanowa ndi aatali, otsika pansi kuti okalamba ndi olumala alowe mosavuta, ndipo mphamvu ya mamota ake imayendetsedwa ndi makompyuta. Komabe maziko ake ndi omwe aja a m'zaka za m'ma 1880: gudumu lachitsulo pa njanji, waya m'mwamba, ndi galimoto imodzi yonyamula anthu ochuluka pamsewu wopapatiza.